Thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere ku Nchalo: momwe ntchito yayendera kuyambira Julayi

Zolemba izi ndi za thanki ya malita 112 yomwe tamanga kuno ku Nchalo, yoti munthu woyamba kumene angathe kuisamalira. Malangizo ambiri okhudza nsomba za m'nyanja yamchere amalembedwa ndi anthu a m'mayiko ozizira, omwe nkhawa yawo ndi kutenthetsa madzi. Kuno kuchigwa vuto ndi lina. Madzi amatentha mopitirira, amaphwa msanga, ndipo magetsi akazima pampu imaima. Ndalama zambiri za ntchitoyi zapita ku zinthu zitatu zimenezi, osati ku nsomba. Mitengo yomwe talemba ndi yomwe tinagulira pa nthawiyo, ndipo mukudziwa mmene kwacha ikuyendera, choncho muitenge ngati chongoyerekezera.

5 Julayi 2025: kukula kwa thanki ndi malo ake

Tinasankha masentimita 80 m'litali, 35 m'lifupi ndi 40 msinkhu. Kathanki ka malita 20 kamaoneka kotchipa, koma madzi ochepa amatentha msanga ndipo mchere wake umakwera pa tsiku limodzi lokha. Woyamba kumene asatsike pa malita 80.

Madzi, miyala, mchenga ndi galasi zikaphatikizana zimafika pafupifupi makilogalamu 140. Tebulo la matabwa tinalikana chifukwa cha chiswe, lachitsulo tinalikana chifukwa madzi amchere amachititsa dzimbiri pa miyezi yochepa. Tinamanga nsanja ya njerwa zootcha yotalika masentimita 75, pamwamba pake silabu ya konkire yoyezedwa bwino ndi levulo. Ili pakhoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi windo komanso khoma lakumadzulo lomwe limawombedwa ndi dzuwa la masana. Ma soketi onse tawaika pamwamba pa msinkhu wa thanki, chifukwa kuno madzi osefukira si nkhani yachilendo. Njerwa, simenti ndi mmisiri: K60,000.

12 Julayi: miyala youmba tokha

Miyala ya m'thanki yamchere si yokongoletsa chabe. M'mabowo mwake ndi momwe mumakhala mabakiteriya omwe amayeretsa madzi. Miyala yeniyeni ya m'nyanja imachokera kunja ndipo kulemera kwake kumakweza mtengo wonyamulira. Miyala ya m'mapiri kapena ya mumtsinje ndi yolimba, ilibe mabowo, ndipo ina imakhala ndi chitsulo. Ndiye tinaumba yathu.

Muyezo wake: kapu imodzi ya simenti, makapu 4 a laimu wophwanya amene amasakaniza ku chakudya cha nkhuku zoikira mazira, ndi kapu imodzi ya mchere wa miyala, wokhakhala uja. Laimuyo mumuyese kaye ndi viniga: akachita thovu ndi woyenera. Mumutsuke mpaka madzi ayere. Mcherewo ntchito yake ndi kusungunuka pambuyo pake n'kusiya mabowo.

Chigawo choyamba chinaphwanyika pochitulutsa. Madzi anachuluka ndipo mchere unathiridwa koyambirira, n'kusungunukira m'simenti isanagwire. Chachiwiri tinachikanda chouma, choti ukachifinya m'dzanja chimagwirana osadontha, ndipo mchere tinauthira kumapeto penipeni, n'kutakasa kawiri kokha. Tinaumbira m'beseni la mchenga wonyowa, n'kuboola mapanga ndi zala, n'kukwirira kwa masiku awiri. Inatuluka miyala yokwana makilogalamu 10.

Simenti yatsopano imakweza pH ya madzi, muyezo woonetsa ngati madzi ali ndi asidi kapena alikali, mpaka 11 kapena 12, yomwe ingaphe chamoyo chilichonse m'thanki. Miyalayo tinaiviika mu dramu ya pulasitiki, kusintha madzi pa masiku awiri aliwonse. Palibe njira yachidule apa, n'chifukwa chake miyala iyenera kuyamba zina zonse zisanayambe. Zonse: K22,000.

26 Julayi: galasi ndi silikoni

Galasi la mamilimita 6 tinadulitsa ku Blantyre, pamodzi ndi timizere tiwiri ta masentimita 5 m'lifupi tomata m'mphepete mwa pamwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti galasi lisapindike. Muwauze odulawo akwechese m'mbali monse. K95,000.

Silikoni ayenera kukhala wa galasi, wonunkha ngati viniga, wopanda mankhwala oletsa nkhungu. Wa m'bafa ndi m'khitchini amakhala ndi mankhwalawo ndipo amapha nsomba. Machubu awiri, K30,000. Pakati pa galasi ndi galasi pazikhala kampata ka milimita imodzi kapena awiri kodzaza silikoni. Magalasi asakhudzane okha. Tinasiya masiku 7 kuti aume.

Poyesa ndi madzi wamba pakhonde, ngodya imodzi yapansi inayamba kudontha patatha maola angapo. Pamenepo galasi linali ndi mafuta a chodulira. Kumata silikoni watsopano pamwamba pa wakale sikuthandiza, chifukwa sagwirana. Tinachotsa galasi la mbali imeneyo ndi lezala, kupala silikoni yense, kupukuta ndi spiriti, n'kumatanso. Masiku ena 7. Kachiwirika inakhala masiku atatu yodzaza, pansi pake pali nyuzipepala, osanyowa. Pa silabu tayala thovu la pulasitiki lokhuthala sentimita imodzi, kuti kamchenga kamodzi kasang'ambe galasi lapansi.

16 Ogasiti: madzi

Funso lomwe aliyense wa kuno amafunsa ndi lakuti, popeza mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere kale, bwanji osangotunga amenewo? Ayi ndithu. Mchere wa pansi pa nthaka suli pa muyezo wa m'nyanja, ndipo umasiyana mjigo ndi mjigo. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita. Mwa mchere umenewo, magawo pafupifupi 85 pa 100 ndi wofanana ndi wa m'khitchini. Otsalawo ndi magnesium, sulphate, calcium, potassium ndi zina zomwe zimasunga pH pakati pa 8.1 ndi 8.3. Pa chifukwa chomwecho mchere wa pamsika sungagwire ntchito ngakhale mutauyeza bwino chotani.

Mjigo wapafupi tinauyeza ndi kachipangizo ka TDS, koyeza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, unawerenga 1,400. Madzi a pampopi ali ndi klorini. A mu Shire ali ndi matope ndi zotsalira za feteleza wa m'minda, zomwe zimameretsa ndere. A mvula otsika pa malata amatenga zinc, yomwe imapha nkhono ndi tinkhanu. Chotsala ndi madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), omwe amachotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi.

Tinagula RO yaing'ono ya masefa anayi, K210,000. Tsiku loyamba inangodontheza pang'onopang'ono, lita imodzi pa ola, chifukwa madzi a pampopi analibe mphamvu. Makinawa amafuna mphamvu ya ma bar atatu kapena anayi. Tinawonjezera kapampu kokankha madzi, K65,000, TDS inatsika kufika pa 6. Pa lita iliyonse yoyera makinawa amataya malita atatu kapena anayi. Amenewo timachapira ndi kukolopera. Amene sangakwanitse makina atha kugula madzi a RO m'zigubu kwa ogulitsa madzi akumwa, bola ayeze TDS ya chigubu chilichonse. Ikaposa 10 muwafunse ngati asintha masefa.

30 Ogasiti: miyala yapsa, mchere walowa

Patatha masabata 7, tinasiya miyala m'madzi a RO masiku atatu osasintha, pH inaima pa 8.3. Ikadaposa 8.5 tikadadikirabe.

Mchere wa thanki tinaitanitsa kuchokera ku Joni, makilogalamu 8 pa K140,000. Refractometer, kachipangizo koyezera mchere komwe umadontheza madzi pagalasi n'kusuzumira, K45,000. Musanakagwiritse ntchito donthezani madzi a RO muone ngati kakuwerenga ziro, apo ayi mukakonze ndi kasikuluu kake. Tizipangizo totchipa ta pulasitiki tokhala ndi muvi timanama tikagwidwa ndi thovu la mpweya, ndipo kuno, kumene mchere umasintha tsiku ndi tsiku, sitidalirika.

Thirani madzi kaye m'chidebe, mchere pambuyo, pang'onopang'ono, pampu ikuzungulitsa. Mukathira madzi pamwamba pa mchere calcium imagwirana, madzi amachita mbuu ndipo sayeranso. Magalamu 37 pa lita anatipatsa 1.025 pa refractometer, womwe ndi muyezo wa madzi a m'nyanja yamchere. Pansi tayala laimu yemwe uja wotsukidwa, masentimita awiri okha, chifukwa mchenga wokhuthala umabisa zinyalala zomwe zimawola msanga kukatentha. Miyala inayamba kukhala pagalasi, mchenga pambuyo, kuti isadzagwe. Madzi olowa anakwana malita 95, mchere makilogalamu 3.5. Tsekani bwino thumba la mchere wotsala, umayamwa chinyontho n'kuuma gwa.

Pampu ziwiri: yozungulitsa madzi ya malita 2,000 pa ola, yoloza m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka, ndi sefa yokoleka m'mphepete yokhala ndi siponji. K70,000 zonse.

6 Seputembala: kulera mabakiteriya

Nsomba zimatulutsa amoniya. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, enanso amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yomwe ndi yopepukirapo ndipo imachotsedwa posintha madzi. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriyawa, ndipo nsomba yolowa nthawi imeneyi imafa ndi zotuluka m'thupi mwake.

Tinamanga kachidutswa ka nsomba yaiwisi, kofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, m'kansalu n'kukapachika m'madzi. Mankhwala oyezera amoniya, nitrite, nitrate ndi pH, K120,000, ndipo pamenepa musaumire. Tsiku lachisanu amoniya anafika 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita), tinachotsa kachidutswako. Nyali ikhale yozima nthawi yonseyi.

19 Seputembala: magetsi azima

Magetsi anazima maola 9 masana. Pofika madzulo madzi anali atachita mbuu ndipo ankanunkha. Nitrite yomwe inayamba kuoneka inaima, amoniya osatsika kwa sabata yathunthu. Mabakiteriyawa amapuma okosijeni, ndipo madzi otentha osayenda amatha okosijeni msanga. Mukadakhala nsomba, zikadafa tsiku lomwelo.

Anthu a kuno akukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, magetsi n'kusowa kwa miyezi yambiri. Thanki yamchere siingadalire magetsi a pa waya okha. Tinasintha pafupifupi zonse kupita ku magetsi a batire a 12V, ndipo masamu ake ndi awa. Pampu yozungulitsa ya ma watt 10 kwa maola 24 ndi 240 Wh (ma watt kuchulukitsa ndi maola). Kapampu ka mpweya ka ma watt 3 ndi 72 Wh. Mafani awiri oziziritsa madzi a ma watt 3 kwa maola 14 ndi 84 Wh. Nyali ya LED ya ma watt 15 kwa maola 6 ndi 90 Wh. Zonse pamodzi zikuyandikira 490 Wh pa tsiku. Batire ya 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya mtovu simuitsitsa kupitirira theka mukafuna ikhalitse, ndiye 600 Wh ndi zomwe muli nazo. Zikukwana, ngakhale mosatsalira kwambiri. Sola ya ma watt 150 imaidzaza bwinobwino ndi dzuwa la kuno. Sefa yokoleka yatsala pa magetsi a pa waya, popeza miyala ndiyo ikugwira ntchito yaikulu.

Batire K380,000, sola K180,000, chowongolera chaji K45,000, pampu za 12V K85,000. Ndi gawo lodula kuposa onse. Amene ali kale ndi sola panyumba apulumuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa ntchito yonse. Mukadayamba lero, gulani pampu za 12V kuyambira pachiyambi musagule kawiri. Fyuzi ya ma amp 10 ikhale pafupi ndi batire, ndipo batireyo ikhale patali ndi thanki. Waya aliyense alendewere pansi kaye asanakwere kupita ku soketi, kuti dontho lotsetsereka ligwe pansi.

14 Okutobala: thanki yakhwima, kutentha kwafika

Amoniya 0, nitrite 0, nitrate 25. Tinathira chakudya cha nsomba pang'ono masiku atatu otsatizana, manambala awiri oyambawo osasuntha. Tinasintha malita 30. Miyala ndi galasi zachita ndere zofiirira ngati fumbi. Zimenezi zimabwera m'thanki iliyonse yatsopano ndipo zimatha zokha pakapita masabata angapo. Pukutani galasi lakutsogolo basi.

Koma thermometer inawerenga madigiri 32.5 cha m'ma 3 koloko masana, m'chipinda muli 39. Nsomba za m'matanthwe a m'nyanja zimafuna 24 mpaka 27, ndipo 28 zimapirira. Kupitirira 30 okosijeni amachepa pamene thupi la nsomba likufuna wochuluka, komanso madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kuposa madzi wamba. Makina oziziritsa thanki alipo, koma mtengo wake ndi magetsi omwe amadya si za batire ya 100 Ah.

Tinachita zinthu zinayi. Pansi pa malata tinakhoma denga la mphasa za bango, ndipo chipinda chinatsika ndi madigiri angapo. Chivindikiro cha galasi tinachichotsa n'kuika ukonde pa felemu ya paipi ya pulasitiki, chifukwa nsomba zimadumpha. Chonde musadule neti ya udzudzu ya kuchipatala kuti ikhale ukondewu. Manetiwo ali ndi mankhwala omwe amapha nsomba ngakhale atakhala ochepetsetsa. Gulani ukonde wa pulasitiki wa pawindo, muutsuke.

Chachitatu ndi mafani awiri a kompyuta a masentimita 12, opendekera kuti mphepo izikwecha pamwamba pa madzi. Madzi akamauluka ngati nthunzi amachoka ndi kutentha, ndipo mu Okutobala mpweya ndi wouma, njirayi imagwira bwino kwambiri: madigiri atatu anatsika. Mafaniwa tawalumikiza ku kabolodi ka W1209, komwe kamawayatsa madzi akafika 27.5. Mafani ndi kabolodi, K24,000. Chachinayi ndi nyali, yomwe tsopano imayaka kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 11 koloko usiku, osati masana.

Masiku otentha kwambiri timayandamitsa botolo la malita 1.5 la madzi oundana. Pa malita 95 limatsitsa pafupifupi digiri imodzi ndi theka. Limodzi pa nthawi, chifukwa kutsika mwadzidzidzi kumadwalitsa nsomba kuposa kutentha kokhazikika. M'botolomo muzikhala madzi a RO, mwina lingang'ambike. Tsopano madzi akusewera pakati pa 27 m'mawa ndi 29 masana.

21 Okutobala: mchere wakwera

Fani ili ndi mtengo wake. Thanki ikutaya malita atatu kapena anayi pa tsiku, ndipo chomwe chimauluka ndi madzi okha, mchere umatsala. Malita anayi akachoka pa 95, mchere umachoka pa magalamu 35 kufika 36.5 pa lita. Masiku atatu osawonjezera unafika pa 40. Apa ndi pomwe oyamba kumene ambiri amaphera nsomba: amaona madzi atsika, n'kuthiramo madzi amchere. Obwezera ophwa akhale a RO opanda mchere, nthawi zonse. Amchere ndi a posintha madzi basi.

Kuthira pamanja kamodzi pa tsiku kumachititsa mchere kukwera ndi kutsika. Tinapanga chowonjezera chokha, chogwira ntchito ngati chomwera nkhuku chija chozondotsa. Chigubu cha malita 10 cholimba, chotsekeka osalowa mpweya, chili pa shelefu pamwamba pa thanki. Timapaipi tiwiri tatuluka: kena kachokera pansi pa chigubu kulowa m'madzi, kena kachokera pamwamba pa chigubu ndipo nsonga yake yangokhudza pamzere wa madzi a m'thanki. Madzi akatsika, mpweya umalowa, madzi amatsika mpaka nsongayo itsekedwenso. Chigubu choyamba chinali chofewa, chinafinyika n'kukhuthula malita onse usiku umodzi. Pamafunika cholimba, polowa mapaipi pomatidwa ndi silikoni, ndi kavalavu kotseka podzaza. Muchiyese pa ndowa masiku awiri chisanafike pa thanki. K15,000.

1 Novembala: nsomba zoyamba

Tinayamba ndi ma molly akuda atatu, K9,000. Ndi nsomba za madzi wamba zomwe zimatha kukhala m'madzi a m'nyanja zikazoloweretsedwa, zimapirira kutentha, zimadyanso ndere. Tinaziika m'chidebe cha malita 30 chokhala ndi kapampu ka mpweya, n'kumakweza mchere ndi 0.002 kapena 0.003 pa tsiku, mpaka 1.025 patatha masiku 10, kenako zinalowa m'thanki yaikulu. Zimaswana kwambiri, ndiye sankhani zazimuna zokha. Zikachuluka musazitaye mu Shire kapena m'dambo, si za kuno.

Chinthu china chofunika kwambiri kuchigwa kuno ndi mankhwala a udzudzu. Opopera ndi ofukiza sayenera kulowa m'chipinda cha thanki, ndipo kapampu ka mpweya kamawakokera m'madzi. Opopera m'nyumba akabwera, chipinda chimenecho chisapoperedwe, chitseko chitsekedwe. Manja olowa m'thanki atsukidwe ndi madzi okha, opanda sopo kapena mafuta odzola. Ndowa ndi paipi za thanki zisagwire ntchito ina.

22 Novembala: ma clownfish awiri

Kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko kumafuna chilolezo cha boma, ndiye tinadzera kwa wogulitsa amene amaitanitsa kale. Tinasankha ma clownfish awiri aang'ono a mtundu wa Amphiprion ocellaris, obadwira m'mathanki, K130,000. Oterewa amadya chakudya chouma ndipo safuna anemone, kanyama komwe nsombazi zimabisalamo m'nyanja. Awiri ndi ma molly atatu akwanira pa malita 95 otentha chonchi.

Kuchoka ku Blantyre kutsika phiri mpaka pa Thabwa kutentha kumasintha kwambiri pa ola limodzi. Matumba anayenda m'bokosi losunga kuzizira, ndi botolo la madzi ozizira lokulungidwa m'thaulo, m'mamawa.

Sanalowe m'thanki yaikulu. Analowa m'chidebe cha malita 30 chija, chokhala ndi siponji yomwe inakhala masabata atatu m'sefa ya thanki yaikulu, ndi zidutswa za paipi zobisalamo. Madzi a m'thumba anali pa 1.020, ndiye a m'chidebe tinawalinganiza pomwepo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mmodzi anatuluka timadontho toyera ndipo ankadzikhula pa paipi. Ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans. Kakadalowa m'thanki yaikulu, kakadakhazikika m'miyala ndi mumchenga, n'kufunika kutulutsa nsomba zonse kwa masabata oposa 10. M'chidebe tinatsitsa mchere pang'onopang'ono pa masiku awiri kufika 1.009, muyezo womwe nsomba imapirira koma kachilomboko ayi. Uyenera kukhala pomwepo masabata anayi kuchokera tsiku lomwe dontho lomaliza lazimirira, kuyeza m'mawa ndi madzulo, chifukwa madzi akaphwa pang'ono mchere umakwera, njirayi n'kulephera. Pobwerera, 0.002 pa tsiku, osaposa. Mankhwala a kopa amagwiranso ntchito, koma asadzakhudze thanki yaikulu, amalowerera m'miyala ya laimu.

20 Disembala: mvula yayamba

Mpweya wanyowa, ndipo mafani tsopano akutsitsa digiri imodzi ndi theka yokha. Madzi ophwa atsika kufika malita awiri pa tsiku. Masana ena thanki ikufika 29.5, ndiye mabotolo oundana abwerera. Masiku a mitambo batire sikudzaza, tawonjezera chaja ya pa waya, K55,000. Fani imodzi yafa ndi mchere wouma womwe umakwera paliponse pamene madzi athovukira; yatsopano taikweza masentimita 10 ndipo timaipukuta ndi kansalu konyowa Loweruka lililonse.

Ntchito ya sabata ndi sabata ndi iyi: kusintha malita 10 ndi madzi osakaniza dzulo lake, ofanana mchere ndi kutentha, kukoka zinyalala za pansi ndi paipi, kufinya siponji m'madzi ochotsedwawo osati a pampopi, ndi kuyeza nitrate, yomwe ili pa 10. Mchere ukupita makilogalamu 1.5 pa mwezi, pafupifupi K26,000, ndipo oda yotsatira iperekedwe thumba likadali ndi theka. Chakudya ndi kawiri pa tsiku, chomwe zingamalize pa mphindi imodzi.

Ndalama zonse mpaka pano zayandikira K1,800,000, ndipo pafupifupi K770,000 mwa zimenezo ndi za magetsi ndi kuziziritsa. Ma clownfish alibe dontho kuyambira pa 3 Disembala, ndiye mchere uyamba kukwezedwa pa 31, alowe m'thanki yaikulu cha pa 10 Januwale. Ma coral, zamoyo zomanga matanthwe a m'nyanja, sitiikamo chaka chino: pa madigiri 29 ndi 30 amayera n'kufa, ndipo nyali yomwe amafuna ingawonjezere kutentha. Chotenthetsera madzi cha ma watt 50 chidzagulidwa mu Meyi, cha usiku wa Juni ndi Julayi, ndipo chidzalumikizidwa ku magetsi a pa waya chifukwa batire siingachikwanitse.